Akachoka pasukulu alowera kuti? Zokambirana pa gulu la makolo ndi aphunzitsi a ana aulumali

Lolemba

Madamu Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba zambiri, amene bando yawathera adzawerenga mawa. Ndili ndi mnyamata m'kalasi langa la resource, la ana ofunika thandizo lapadera, timutche Mada, si dzina lake lenileni. Ali ndi zaka 17 ndipo ali Sitandade 5 kachitatu. Zinthu zimachedwa kumulowa m'mutu, amawerenga mawu afupiafupi okha, komanso ali ndi khunyu ngakhale amamwa mankhwala. Lero mayi ake anabwera akuchokera kudimba, khasu analitsamiritsa pakhomo la kalasi, n'kundifunsa kuti, "Madamu, mwanayu wamerera ndevu pa desiki. Chaka chamawa ndimuyike pati?" Ndinatsegula fayilo yake. Muli malipoti a zaka naini, onse akunena zimene sangathe: sachotsera, salemba chiganizo, sasunga matebulo. Pepala lonena zimene amatha mulibe ngakhale limodzi, ndipo ena mwa malipotiwo ndinalemba ndine. Ndinachita manyazi. Anzanga, inu mumawayesa bwanji ana oterewa kuti mudziwe kolowera akachoka pasukulu?

Bambo a Yankho: Madamu musadzivute. Mupezereni malo aphunzire ukalipentala kapena utelala basi. Ana athuwa ndi ntchito zamanja.

Joe Wamanja: Ayi bambo. Ine ndine wosamva. Nditamaliza Sitandade 8 anandiika ku ukalipentala. Palibe anandifunsa. Tinali anyamata asanu ndi mmodzi, tonse ukalipentala. Atsikana onse kusoka. Ine ndinkafuna kompyuta. Ndinapala matabwa zaka zitatu mtima uli kwina. Lero ndimakonza mafoni, ndinadziphunzitsa ndekha pa YouTube. Mpando sindinapangeponso.

Bambo a Yankho: Pepani achimwene, sindimanyoza. Ndimangoti mwana asakhale manja lende.

Joe Wamanja: Ndamva. Koma mufunseni kaye mwiniwake.

A Phiri PEA wopuma: Ndiloleni ndiikepo mlomo monga munthu amene ndazungulira masukulu zaka zambiri ndili PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale. Vutoli linayambira kutali. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anakhamukira m'makalasi, ndipo cholinga cha sukulu yonse chinangokhala chimodzi, kukhoza mayeso a MANEB a Sitandade 8. Mwana wosaona MANEB imamukonzera mayeso a braille, woona pang'ono imamupatsa a zilembo zikuluzikulu, ndipo nthawi amawawonjezera. Zimenezo n'zabwino. Koma zimathandiza mwana amene wafika pa mayesowo. Mada wa Madamuyu sadzafikapo, ndiye dongosolo lathu silimuona n'komwe. Aphunzitsi a special needs, ophunzitsa ana aulumali, ambiri amachokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo ndi ochepa poyerekeza ndi ana, mphunzitsi mmodzi amayendera masukulu angapo pa njinga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, 10.4 peresenti ali ndi ulumali wina wake. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinakhala ndi lamulo mu 2012, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano limene linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Malamulo alipo.

Che Jafali owotcherera: A Phiri mwatiwerengera nkhani za pa wayilesi kkkk. Nanga Madamu akawauze chiyani mayi aja mawa? Kuti 2009?

A Phiri PEA wopuma: Ndimafika komweko achimwene, mwandidula pakamwa.

Nachisale wa kuchipatala: Madamu, ine ndimagwira ntchito yolimbitsa ziwalo ndi kuphunzitsa anthu kudzichitira okha zinthu. Ndikuuzeni chimene ndinaphunzira movutikira: mwana ngati Mada simungamudziwe atakhala pa desiki. Desiki ndi malo amene wakhala akugonjerapo zaka naini, akangoona pepala ndi pensulo mtima umayamba kuthamanga. Tulukani naye. Mupatseni ndalama akagule zinthu ziwiri kumsika inu mukutsatira chapatali. Onani mmene amawolokera msewu, mmene amalankhulira ndi wogulitsa, ngati amadikira chenji, ngati wina atamukankha amatani. Kenako pitani kwawo tsiku Loweruka musanawachenjeze kwambiri. Amasamba yekha? Amachapa? Mankhwala a khunyu amakumbukira yekha kapena mpaka mayi amuike m'manja? Atadwala mayi kulibe, njira ya kuchipatala amaidziwa? Ndipo polemba musamangoti amatha kapena satha. Lembani patatu: amachita yekha, amachita wina akamukumbutsa, amachita wina akamugwira dzanja. Chapakaticho ndiye pali ntchito yanu ya chaka chino, chifukwa chimene amachita akakumbutsidwa chimasanduka chochita yekha mukachibwereza.

Madamu Nabanda: Zikomo asisi. Ahedi ndiwapempha mawa andilole kutuluka naye nthawi ya buleki. Lachitatu ndi tsiku la msika kuno.

Nachisale wa kuchipatala: Muwauzenso mayi ake, ndi iye mwini. Asaone ngati mukumutchera msampha.

Lachitatu

Madamu Nabanda: Abale, ndabwerako. Khalani pansi.

Ndinamupatsa K5,000 imodzi kuti agule sopo ndi mulu wa tomato. Msewu anawoloka bwino kuposa ine, amayang'ana mbali zonse ndiponso amamvetsera njinga zamoto. Tomato anasankha ngati mayi wa pakhomo, wofewa kubweza, mpaka kupempha basera. Pa chenji ndi pamene zinavuta. Anapereka ndalama ija n'kumachoka osadikira kanthu. Mayi wogulitsayo ndi wachilungamo, anamuitana. Nditamufunsa anati, "Ndinawapatsa Kamuzu mmodzi." Ndiye ndinazindikira kuti mwanayu ndalama amazidziwa ndi nkhope, osati manambala. Tsono K1,000 pali Kamuzu, K5,000 palinso Kamuzu. K500 pali Chilembwe, K2,000 palinso Chilembwe. Ya Rose Chibambo yokha, K200, ndi imene sasokoneza. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuphunzitsa kuchotsera pa bolodi, pamene vuto lake lenileni ndi a Kamuzu awiri.

Koma nkhani yaikulu si imeneyo. Tikubwerera, bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteji ya makabaza anakuwa, "Mada, lero wandithawa?" Ine kudabwa. Kani mwanayu akaweruka amakhala pamenepo tsiku lililonse, chaka chachiwiri tsopano. Bamboyo anamuponyera chubu. Mada anachipopa, kuchiviika m'beseni la madzi, kupeza pamene pakutuluka thovu, kupukuta, kupala ndi kachidutswa ka sandipepa, kupaka solushoni, n'kudikira. Kudikirako ndi kumene kunandigwira mtima. Sanathamangire kumata, anayesa ndi msana wa chala mpaka guluu atachita nembenembe, ndiye n'kuika chigamba. Mwana amene m'kalasi satha kukhala phee mphindi zisanu. Bamboyo akuti kumanga masipoko sanafikepo, limu imamutulukira yokhota, koma matayala ndi mabuleki amamusiyira osayang'ananso.

Ine mphunzitsi wake sindimadziwa. Mayi ake amadziwa koma ankabisa, ankaopa kuti ndiwakalipira kuti mwana akuyendayenda m'malo mowerenga.

Mayi a Tamanda: Eee Madamu, misozi yalengeza.

Joe Wamanja: Mwaona. Mukanamutumiza ku ukalipentala.

Bambo a Yankho: Ndagonja achimwene kkkk.

Che Jafali owotcherera: Tsopano mwafika pa ife. Ine pa shedi panga ndaphunzitsapo anyamata ambiri, awiri mwa iwo osamva. Ndikuuzeni chimene ndimayang'ana sabata yoyamba, ndipo si satifiketi. Kodi amafika m'mawa popanda kukamutenga? Ndikamuuza kuti walakwitsa amakwiya n'kuthawa, kapena amabwereza? Zida amabweza pamalo pake? Kasitomala akamulankhula mwachipongwe amatani? Luso lenilenilo limabwera lokha ndi nthawi. Mmodzi wa osamva aja ndiye amawotcherera mwaukhondo kuposa tonse, phokoso la gulayinda silimusokoneza. Vuto linali langa, ndinkamukuwira ali chembali, mpaka tinagwirizana kuti ndizithimitsa ndi kuyatsa babu ndikamufuna. Koma wa khunyu pa ine ayi, ndisaname. Pali moto, pali magetsi, pali zitsulo zakuthwa. Njinga pansi pa mtengo ndi bwino.

Nachisale wa kuchipatala: Che Jafali mwanena zoona pa moto, koma tisafulumire kunena kuti wa khunyu aliyense sangagwire ntchito yakuti. Funso ndi lakuti anagwa liti komaliza, amamwa mankhwala mosadumphitsa, ndipo amamva chizindikiro asanagwe? Ena amatha zaka osagwa. Zimenezi zilowe mu fayilo, Madamu, pamodzi ndi dzina la mankhwala ndi nthawi yomwera. Ndipo bambo wa njingayo aphunzitsidwe chochita: kumugoneka chammbali, kuchotsa zitsulo pafupi, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, osamuthira madzi. Auzidwenso kuti khunyu sapatsirana, chifukwa alipo anthu mpaka lero amene amathawa malovu a munthu wogwa.

Anaphiri a ku Zomba: Pali china chimene sichinatchulidwe. Chaka chachiwiri akumata matayala, amalipidwa? Ndikufunsa chifukwa ine ndine wosaona ndipo ndaona zambiri, musaseke. Anthu amakonda kutithandiza ndi ntchito yaulere. Amati akutiphunzitsa, zaka n'kumapita, ndalama ikulowa m'thumba mwa wothandizayo.

Madamu Nabanda: Ndinafunsa. Amamugulira chips kapena mandasi, nthawi zina kumupatsa K500.

Anaphiri a ku Zomba: Chilembwe wamng'ono kapena wamkulu, iye sangadziwe.

Che Jafali owotcherera: Asisi musamuweruze bamboyo msanga. Wophunzira ntchito aliyense amayamba ndi chips, ngakhale ine ndinayamba choncho ku Ndirande. Koma pakhale mawu pamaso pa mboni: miyezi yakuti akuphunzira, ikatha chigamba chilichonse chimene wamata iye, gawo lakuti ndi lake. Aitanidwe mayi, Madamu ndi a mfumu kapena wa komiti ya msika. Popanda zimenezo adzakalamba akudya chips.

Nasimango ku Leeds: Moni kumudzi. Ndimawerenga mwakachetechete ndili pa shifiti ya usiku. Ine kuno ndimasamalira achinyamata ngati Mada. Ku England mwana wotere amakhala ndi chikalata chotchedwa EHCP, chinabwera ndi lamulo la 2014, chimaphatikiza za sukulu, za chipatala ndi za chisamaliro, ndipo chingathe kumutsatira mpaka zaka 25. Akafika Year 9, ndiye kuti zaka 13 kapena 14, msonkhano wa chaka ndi chaka umayamba kukamba za ukulu: adzagwira ntchito yanji, adzakhala kuti ndipo ndi ndani, anzake ndi ndani, thanzi lake adzalisamala bwanji. Mwanayo amakhalapo pa msonkhanowo, ngakhale wosalankhula, amaloza zithunzi. Chimene ndikufuna mutengepo ndi zaka zoyambirazo. Pa 17 mwachedwa kale, ngakhale si kuti zatha.

Bambo a Yankho: Asisi kumeneko ndi ku Ulaya. Kuno kalasi imodzi ana handiredi, choko chimene chimasowa.

Nasimango ku Leeds: Sindikukana achimwene. Ndipo musaganize kuti kuno ndi kumwamba, makolo amadikira miyezi yambirimbiri kuti chikalatacho chituluke, ena mpaka kukasuma. Ndaonanso achinyamata amene fayilo yawo ndi yonenepa ngati Baibulo koma amangokhala m'chipinda kuonera TV, palibe wowadziwa mumsewu mwawo. Mada ali ndi bambo wa pansi pa mango amene amamukuwira dzina. Zimenezo kuno amazilemba ngati cholinga cha zaka zisanu. Mafunso anayi aja safuna ndalama, amafuna mpando ndi ola limodzi.

A Phiri PEA wopuma: Apa ndigwirizane ndi mayi a ku Leeds. M'mera mpoyamba. Ndipo malo ophunzirira ntchito alipo, tisaiwale: ku Magomero ku Chiradzulu kuli sukulu ya ntchito zamanja ya anthu aulumali, ku Lilongwe iliponso, ku Mulanje kuli ya osaona, ku Mzuzu a St John of God amaphunzitsa achinyamata ovutika kuphunzira. A TEVETA nawo ali ndi njira yophunzirira kwa mmisiri wa m'dera, osati ku koleji kokha. Madamu afunse ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma lawo.

Anaphiri a ku Zomba: Alipo a Phiri, koma malo ndi ochepa ndipo mwana akabwerako amabwerera m'mudzi womwewo wopanda makina, wopanda mpamba. Ndikudziwa anzanga amene satifiketi ili mu sutikesi, iwo ali pakhonde. Muyeseni mwana, inde, koma muyesenso mudziwo. Muli matelala angati kale pa tradingi senta? Ndani adzagula? Kuyesa mwana yekha kuli ngati kuyeza phazi osayeza nsapato.

Lachinayi

Mayi a Tamanda: Ndakhala chete kuyambira dzulo chifukwa nkhani yanu ndi ya mnyamata. Wanga ndi mtsikana, zaka 16, ali ndi Down syndrome, ulumali wobadwa nawo umene umachedwetsa kuphunzira. Amaphika nsima yabwino kuposa ya mkulu wake, amachapa, amalera mwana wa mlongo wanga. Koma kumsika yekha sindingamutume, ngakhale mutandilipira. Amaseka ndi aliyense, aliyense kwa iye ndi ankolo. Mwezi wathawu mwamuna wina wa m'dera lathu lomwelino anamupatsa switi n'kumuuza kuti amuperekeze. Anandiuza ndi mwana wa neba. Chiyambire tsiku limenelo geti ndimakhoma. Achemwali anga akuti ndipite naye kuchipatala akamutseke asadzabereke. Ndikunena zoona, ndaganizirapo.

Anaphiri a ku Zomba: Mayi, ndikumva ululu wanu, koma chonde ayi. Kumutseka kumaletsa mimba, sikuletsa mwamuna uja. Mwinanso akamva kuti sangatenge mimba ndiye amasuka. Ndipo thupilo ndi la Tamanda.

Bambo a Yankho: Anaphiri n'zosavuta kulankhula. Mimba ikabwera adzalera ndani? Si mayi omwewa?

Anaphiri a ku Zomba: Bambo, ine anandikhomera geti mpaka zaka 19 chifukwa cha chikondi chomwecho. Tsiku limene mayi anga anagonekedwa m'chipatala sindinkadziwa ngakhale njira ya kumjigo. Amene anandiphunzitsa kuyenda ndi ndodo yoyera ndi kukwera minibasi ndi mphunzitsi, ndili wamkulu kale, ndikulira ndi mantha. Geti limateteza pamene wokhoma ali moyo.

Admin: Tiyeni tizilankhulana mofatsa, Mayi a Tamanda atiululira za mumtima.

Nachisale wa kuchipatala: Mayi a Tamanda, poyamba nkhani ya mwamunayo musaisiye. Kanenezeni ku polisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena kwa wa zoteteza ana wa m'dera lanu. Tamanda sanakwane 18, mwa lamulo ndi mwana. Chachiwiri, zimene mwatchulazi n'zimene ziyenera kuyesedwa ndi kuphunzitsidwa ngati mmene Madamu achitira ndi ndalama. Kodi amadziwa mayina a ziwalo zake? Amadziwa malo amene munthu sayenera kumugwira? Amatha kunena kuti ayi mokweza n'kuchokapo? Ali ndi anthu atatu amene angawauze chilichonse? Msambo amadzisamalira yekha? Izi sizilowa ndi ulaliki wa tsiku limodzi. Mumachita sewero pakhomo, mlongo wanu akhale ngati mlendo wa switi, Tamanda ayeserere kukana, mawa kubwerezanso, mpaka zikhale ngati kuphika nsima kuja. Za kulera kambiranani ndi anamwino iye ali pomwepo, afotokozeredwe m'mawu amene angamve. Zotseka kotheratu iye osadziwa, ine sindingakulimbikitseni.

Mayi a Tamanda: Kuchinamwali cha kutchalitchi anamukana, anati sangamve malangizo.

Gogo Nasibeko: Ndikulemba ndine mdzukulu wawo, agogo akuti ndinene izi. Akuti anamkungwi amene amakana mwana wotere sadziwa ntchito yawo, chifukwa amene amafunika malangizo kwambiri ndi yemweyo. Akuti iwo analangapo atsikana awiri otere, ankawatenga paokha, pang'onopang'ono, masiku ambiri. Akutinso funso lawo ndi lina. Iwo akulera mdzukulu wa zaka 20 amene sayenda ndipo salankhula bwino, makolo ake anamwalira. Akuti zonse mukukambazi za njinga ndi msika kwa iye sizingatheke. Ndiye iyeyo ukulu wake ndi uti? Akuti usiku sagona poganiza kuti iwo akatsogola adzamutembenuza ndani.

Madamu Nabanda: Agogo, funso lanu landilemera kuposa langa.

Nasimango ku Leeds: Agogo, ndimasamalira anthu otere tsiku ndi tsiku. Nawonso amayesedwa, kungoti mafunso amasintha. Amasonyeza bwanji kuti inde, amasonyeza bwanji kuti ayi? Akamva ululu nkhope imatani? Amakonda phala lotani, amadana ndi chiyani, amameza bwino atakhala motani? Zonsezi panopa zili m'mutu mwa agogo okha. Mdzukulu amene ukulembawe, tenga kope, uzikhala pafupi ndi agogo uzilemba, tsamba limodzi patsiku. Ndipo pakhale munthu wachiwiri ndi wachitatu amene azimusambitsa ndi kumudyetsa agogo akadali ndi mphamvu zowakonza akalakwitsa.

A Phiri PEA wopuma: Ndiwonjezere za katundu. Agogo aitanitse mwinimbumba ndi a mfumu anene poyera, ndipo zilembedwe, kuti nyumba ndi munda wakuti ndi za mwanayo komanso za amene adzamusunge. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lilipo, koma pamaliro pamalankhula amphamvu. Ndaona ana aulumali akusamutsidwira m'khitchini maliro asanathe n'komwe. Afunsenso ngati banjalo linalembedwa pa Mtukula Pakhomo.

Che Jafali owotcherera: Apa a Phiri mwalankhula, osati za 2009 zija.

Joe Wamanja: China. Chiphaso cha unzika. Zaka 16 munthu amalembetsa. Mada ali nacho? Popanda chiphaso palibe simu, palibe Mpamba, palibe Airtel Money, palibe banki. Ndipo PIN asunge yekha. Anzanga osamva ambiri PIN amasunga achibale. Ndalama imalowa, iwo osaiona.

Madamu Nabanda: Alibe. Ndalemba pa mndandanda. Koma PIN ya manambala anayi kwa Mada ndi phiri, tiyesa kuti aziikumbukira ndi kayendedwe ka chala pa foni, monga amachitira ndi nambala ya mayi ake.

Mphunzitsi wa ku Nsanje: Ndalowa mochedwa. Kwathu kuno ndili ndi ana awiri achialubino, m'kalasi ndi anzeru, vuto ndi maso ndi dzuwa. Makolo amati akalephera sukulu adzalima kapena kuweta ng'ombe ngati anzawo. Dzuwa la kuchigwa kuno mukulidziwa. Khansa ya pakhungu ndi imene imatha anthu achialubino ambiri akadali achinyamata. Ndiye kwa iwo ndimayamba ndi funso lakuti ntchitoyo ili pamthunzi kapena ayi, kenako zina zonse. Ndimangoti nditchule kuti fomu imodzi singakwane ana onse.

Lachisanu

Madamu Nabanda: Achimwene a Joe ananena Lolemba kuti ndimufunse mwiniwake. Ndinazengereza mpaka lero chifukwa ndinkaona ngati yankho ndalipeza kale pansi pa mango paja. Tinakhala panja pa kalasi, ine, iye ndi mayi ake. Ndinawapempha mayiwo kuti asamuyankhire, zimene zinawavuta kwambiri, pakamwa pankachita kunjenjemera. Ndinamufunsa kuti akadzasiya sukulu akufuna azidzatani. Anakhala chete nthawi yaitali, akukumba pansi ndi chala cha kuphazi. Kenako anati, "Kabaza."

Safuna kukonza njinga. Akufuna kupalasa, kunyamula anthu.

Joe Wamanja: Kkkkk. Ndinanena.

Nachisale wa kuchipatala: Mayo ine. Anagwa liti komaliza?

Madamu Nabanda: Mwezi wa Epulo, mankhwala atatha kuchipatala chaching'ono kwa masabata awiri. Zisanachitike zimenezo anatha chaka ndi theka.

Nachisale wa kuchipatala: Ndiye kunyamula munthu pamsewu wa magalimoto panopa ayi. Akagwa savulala yekha. Koma musamuuze kuti sizidzatheka mpaka kalekale, chifukwa zimenezo angaweruze ndi dokotala amene amamuona, osati ife pa foni.

Bambo a Yankho: Mwaona tsono kuipa kofunsa mwana? Mwamudzutsira chilakolako cha chinthu chimene simungamupatse.

Anaphiri a ku Zomba: Chilakolakocho chinalipo kale bambo, kungoti simumachidziwa. Madamu, munamufunsa chifukwa chake?

Madamu Nabanda: Ndinafunsa. Sananene za ndalama. Anati a kabaza amavala majekete owala aja, amakhala pamodzi pa siteji, amaseka, ndipo anthu amawaitana kuti "abwana tiyeni." Anati kusukulu ana a Sitandade 5 amamutcha agogo. Mayi ake anatembenukira kumbali.

Sindinamunamize. Ndinamuuza za khunyu ndi msewu, anakwiya, anakana kundiyang'ana. Kenako anafunsa ngati wokonza njinga angavale jekete. Ndiye madzulo ano ndinapita kwa tcheyamani wa siteji ija. Anaseka, n'kunena kuti jekete ndi la mamembala olipira, koma akambirana Lamlungu ngati angamulembe monga makaniko wa siteji. Sanalonjeze. Bambo wa pansi pa mango avomera za mboni, ati Lachiwiri ndi Lachinayi masana Mada azibwera mwa dongosolo, masiku enawo m'mawa ndizimuphunzitsa ndalama zenizeni ndi kulemba mayina a makasitomala angongole. Ahedi avomera monyinyirika, akuti nanga akabwera oyendera sukulu tidzati mwanayu ali kuti. Ndawauza kuti ndidzawaonetsa fayilo, muli tsopano masamba atatu atsopano.

Za kabaza sitinamalize. Wati adzandifunsanso mwezi wamawa, ndipo ndikumudziwa, adzafunsadi.

Mayi a Tamanda: Ife tayamba sewero lija usiku wathawu. Mlongo wanga anabwera ndi switi, Tamanda analandira n'kunena zikomo ankolo. Tinaseka mpaka misozi, kenako ndinakalira kubafa. Tibwereza lero. Ku polisi ndipita Lolemba, neba wavomera kundiperekeza.

Nachisale wa kuchipatala: Tsiku loyamba zimatero mayi. Muyambe ndi kumuphunzitsa kubwera kudzakufunsani asanalandire kanthu kwa munthu aliyense, kukana kudzabwera pambuyo.

Madamu Nabanda: China, bambo aja ati zida zawo sabwereketsa, Mada akhale ndi zake. Akuti poyambira pampu, pulayala, masipanala awiri ndi zochotsera tayala.

Che Jafali owotcherera: Zochotsera tayala musagule, ndimupangira pa shedi ndi zitsulo zotsala. Masipanala afunseni saizi, musangogula. Pali amene akupita cha kumeneko sabata yamawa andinyamulire?

Mphunzitsi wa ku Nsanje: Madamu, masamba atatu aja mungawajambule mutitumizire? Mufufute dzina la mwana.

Madamu Nabanda: Ndijambula mawa kukawala, magetsi azima.